Helen, Medea ndi Alcestis: mmene akazi a m'nthano za Agiriki anafikira pa makoma ndi m'manda a ku Italy wakale

Mu April 2024, akatswiri ofukula zakale ku Pompeii, m'dziko la Italy, analengeza kuti apeza chipinda chachikulu chodyeramo alendo, cha mamita pafupifupi 15 m'litali ndi 6 m'lifupi. Chipindachi chinakwiririka pamene phiri la Vesuvius linaphulika m'chaka cha 79 AD. Makoma ake ndi akuda bii, ndipo mkulu wa malowa, Gabriel Zuchtriegel, anafotokoza kuti ankapaka utoto wakuda kuti mwaye wa nyale usamaoneke. Pakhoma lina pali Helen akukumana ndi Paris, mwana wa mfumu ya ku Troy amene anamuchotsa kwa mwamuna wake n'kuyambitsa nkhondo ya Agiriki ndi Troy, mayina awo atalembedwa m'Chigiriki, galu ali pambali. Pakhoma linzake pali Cassandra atakhala pansi mwachisoni, mulungu Apollo atamuimirira pafupi.

Pompeii unali mzinda wa Aroma. Helen ndi wa ku Sparta, Cassandra ndi wa ku Troy, ndipo onse awiri ndi a m'nthano za Agiriki. Nanga mwini nyumba wolankhula Chilatini ankawafuniranji pamalo podyera alendo ake? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 700 Pompeii asanakwiririke, chifukwa Aroma sanali oyamba ku Italy kutengeka ndi akazi amenewa. Anawatsogolera ndi anansi awo akumpoto, Aetrusika.

Ngwazi m'maganizo a Agiriki

Ife tikati ngwazi timaganiza za munthu wochita zabwino, wopulumutsa anzake. Agiriki sankaona choncho. Kwa iwo ngwazi anali munthu wa nthawi yamakedzana, kawirikawiri wa kubanja lachifumu kapena wokhala ndi magazi a mulungu, amene zochita zake kapena zomugwera zinali zazikulu moti sizikanaiwalika. Sanali mulungu, pakuti ankafa. N'chifukwa chake Hera, Athena ndi Aphrodite sali m'gulu tikukambali. Amenewo ndi milungu yaikazi.

M'gulu la ngwazi zachikazi muli Alcestis, amene anavomera kufa m'malo mwa mwamuna wake Admetus. Mulinso Medea, amene anapha ana ake pofuna kukhaulitsa Jason, mwamuna amene anamusiya n'kukakwatira mwana wa mfumu. Muli Penelope, amene anadikira mwamuna wake zaka 20, komanso Clytemnestra, amene anapha wake tsiku lomwe anabwera kuchokera kunkhondo. Atalanta anali mlenje wothamanga kuposa amuna. Iphigenia anaperekedwa nsembe ndi bambo ake omubala kuti mphepo iwombe, zombo zipite ku Troy. Ariadne anathandiza Theseus kutuluka m'nyumba yosokoneza ya ku Crete, koma Theseus anamuthawa ali mtulo pa chilumba cha Naxos.

Nthano zimenezi zinalibe buku limodzi loti aliyense azitsatira. Zinali ngati za Kalulu, zimene agogo a mudzi uno amazimaliza mosiyana ndi agogo a kutsidya kwa mtsinje, ngakhale onse amayamba ndi "Padangokhala". Ena ankati Iphigenia anafadi paguwa, ena ankati mulungu wamkazi Artemis anamukwatula n'kuikapo mbawala. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pa zonse zotsatira. Wofotokoza nthano ali ndi usiku wonse, koma wojambula ali ndi kamphindi kamodzi kokha. Ayenera kusankha kuti aimitse nkhani pati, ndipo chimene wasankhacho chimatiuza zimene iye ndi womulemba ntchito ankafuna kuti anthu aone.

Aetrusika anali ndani

Aetrusika ankakhala m'dera la Etruria, kumene lero ndi Tuscany ndi madera oyandikana nawo kumpoto kwa Roma. Sanali ufumu umodzi koma mizinda yodziimira payokha monga Tarquinia, Vulci, Cerveteri, Chiusi, Volterra ndi Perugia. Analemera ndi chitsulo ndi mkuwa, ndipo amalonda a ku Greece ankabwera kudzasinthanitsa ndi vinyo, mafuta ndi miphika yojambulidwa. Miphika yambiri ya ku Athens imene ili m'nyumba zosungira zakale masiku ano inafukulidwa m'manda a Aetrusika, osati ku Greece. Umodzi wotchuka, umene unapezeka ku Chiusi ndipo unaumbidwa cha m'ma 570 BC, uli ndi Atalanta atanyamula mkondo pakati pa amuna osaka nguluwe.

Chilankhulo chawo sichinali pachibale ndi Chigiriki kapena Chilatini. Zilembo anatengera kwa Agiriki, koma ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mabuku awo anatayika, ndipo zolemba zimene zatsala zambiri ndi zazifupi, mayina a pamanda ndi mawu a pa mphatso. Choncho tikafuna kudziwa mmene ankasimbira nthano, chimene tili nacho ndi zithunzi.

Ndipo zithunzizo zimasonyeza kuti nthanozi anazitenga kukhala zawo msanga. Ku Cerveteri kunapezeka mtsuko wakuda wa cha m'ma 630 BC, woumbidwa komweko, wokhala ndi mkazi amene pambali pake panalembedwa kuti Metaia. Ameneyu ndi Medea, ndipo chithunzichi chili m'gulu la zakale kwambiri za iye zimene zikudziwika kulikonse. Mayina enanso anawapinda kuti agwirizane ndi lilime lawo: Helen anakhala Elinai, Ariadne anakhala Areatha, Atalanta anakhala Atlenta, Clytemnestra anakhala Cluthumustha. Ndi zomwe zinachitika kwathu kuno pamene mayina a m'Baibulo anasanduka Yohane, Petulo ndi Mariya. Dzina silipindika chotero pokhapokha litayenda pakamwa pa anthu ambiri kwa nthawi yaitali.

Kalilole wa mkuwa

Malo amene akazi a m'nthanowa amapezeka kwambiri mu luso la Aetrusika ndi kumbuyo kwa kalilole. Makalilole awo sanali agalasi. Anali chimbale cha mkuwa chokhala ndi chogwirira, chachikulu ngati kambale ka ndiwo, chopukutidwa mbali imodzi mpaka kuwala. Mbali inayo mmisiri ankazokota chithunzi ndi kachitsulo kosongoka, mizere yokhayokha popanda utoto, n'kulemba dzina pambali pa munthu aliyense. Makalilole otere atsala pafupifupi 3,000.

Ambiri anapezeka m'manda a akazi, ndipo ena ali ndi dzina la mwini wake. Pa wina panalembedwa kuti mwamuna wotchedwa Tite Cale anaupereka kwa amayi ake ngati mphatso. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ena ankaperekedwa pa ukwati. Mwini akamwalira, nthawi zina achibale ankalemba mawu akuti suthina, kutanthauza "cha kumanda", pankhope yowala yomwe ija, kuti wamoyo asadzaugwiritsenso ntchito. Bokosi la maliro la mayi wina wolemera wa kufupi ndi Chiusi, Seianti Hanunia Tlesnasa, limene lili ku British Museum, limamuonetsa atatsamira pa pilo, dzanja lina likukonza nsalu ya kumutu, lina litagwira kalilole wake.

Tangoganizani mayi wa ku Vulci m'mawa: akatembenuza uku akuona nkhope yake, akatembenuza uko akuona Elinai. Helen ndi mmodzi mwa amene amapezeka kwambiri pa makalilolewa, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri sakuoneka ngati mkazi woyambitsa nkhondo. Amamuonetsa akubadwa kuchokera m'dzira, kapena ali pakati pa alongo ake Castor ndi Pollux, kapena ali pamodzi ndi Turan, mulungu wawo wamkazi wa chikondi. Kukongola, ukwati ndi banja ndi zimene zili patsogolo. Koma si zokhazo. Pa kalilole wina wa ku Vulci, amene ali ku Vatican, Atalanta akulimbana ndi Peleus, mutu kugundana ndi mutu, monga amachitira amuna awiri ofanana mphamvu.

Mayina olembedwawo akusonyeza kuti akazi ena ankadziwa kuwerenga. Akazi a Chietrusika anali ndi mayina awoawo monga Ramtha, Larthia ndi Velia, pamene mkazi wa Chiroma ankangodziwika ndi dzina la banja la bambo ake. Ankakhala paphwando pamodzi ndi amuna awo, chinthu chimene chinakhumudwitsa wolemba mbiri wa Chigiriki Theopompus mpaka kuwanenera zonyoza. Pamanda ankalembanso dzina la amayi a malemu. Ife amene tinakulira kumene mwana amawerengedwa kuchikazi tikhoza kufulumira kunena kuti anali ngati ife, koma akatswiri ambiri amati dzina la banja linkachokerabe kwa bambo, ndipo la mayi linkawonjezeredwa chifukwa mtundu wake unkalemekezedwanso.

Kumanda, kumene Vanth ndi Charun amalowerera

Chinthu chimodzi chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mphika waukulu wosakaniziramo vinyo, wa cha m'ma 350 BC, umene unapezeka ku Vulci ndipo tsopano uli mumzinda wa Paris, ku France. Pakati pake pali Alcestis ndi Admetus, mayina awo atalembedwa kuti Alcsti ndi Atmite. Mkaziyo wakolowekera manja m'khosi mwa mwamuna wake, akutsanzikana. Kumbali ina kwaima Charun, chiwanda cha imfa cha Aetrusika, mphuno yokhota, nyundo yaikulu ili m'manja. Kumbali inayo kukubwera china chamapiko chitagwira njoka.

M'nthano ya Agiriki, monga mmene Euripides anaionetsera pa sewero ku Athens mu 438 BC, nkhaniyi imatha bwino: Heracles amalimbana ndi Imfa n'kubweza Alcestis kwa mwamuna wake. Wojambula wa ku Vulci sanafune kufika kumeneko. Anaima pa kutsanzikana, n'kuikapo ziwanda zimene palibe Mgiriki akanaziika m'nkhaniyi. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya siwa akudziwa chifukwa chake kamphindi kameneka ndi kamene munthu angasankhe kuti kapite ndi malemu.

Chimenechi ndicho chizindikiro cha luso la Aetrusika: nthano ndi ya Agiriki, koma imfa ndi yawo. Kuwonjezera pa Charun pali Vanth, mkazi wamapiko wonyamula muuni kapena mpukutu, amene sapha munthu koma amaima pambali kudikira kuti amuperekeze. M'manda otchedwa François Tomb ku Vulci, amene anatulukiridwa mu 1857, Vanth ndi Charun aima pafupi pamene Achilles, ngwazi yankhondo ya Agiriki, akupha akaidi a ku Troy, ndipo m'manda omwewo muli Cassandra, amene anamulemba kuti Casntra, akukokedwa tsitsi ndi Ajax. Ku Tarquinia, mayi wotchedwa Ramtha Huzcnai anaikidwa m'bokosi lamwala lojambulidwa Aamazoni, akazi ankhondo a m'nthano, akumenyana ndi Agiriki, ndipo m'malo ena akaziwo ndi amene akugonjetsa. Bokosilo lili ku Florence.

Kuyambira cha m'ma 200 BC, m'mizinda yakumpoto munachuluka timabokosi tosungiramo phulusa la mtembo wowotchedwa, kutsogolo kwake kutasemedwa nthano. Mzinda uliwonse unali ndi zokonda zake. Ku Volterra, kumene ankasema mwala wofewa wa alabasitala, ankakonda Helen akutsogoleredwa kukakwera chombo, ulendo wosabwerera msanga. Ku Perugia ankabwereza kwambiri Iphigenia atamunyamula pamwamba pa guwa, wina akubwera ndi kambawala. Chifukwa chake akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati magazi okhetsedwa pachithunzi ankaimira nsembe yeniyeni yoperekedwa kwa akufa. Ena amati mbawalayo ndiyo nkhani, chiyembekezo chakuti mulungu akhoza kukwatula munthu pa mphindi yomaliza. Enanso amati amisiri ankangobwereza chitsanzo chimene chinkayenda malonda. Popeza mabuku a Aetrusika kulibe, mafotokozedwe onsewa amadalira zithunzi zomwezo.

Mmene zinafikira pa makoma a Aroma

Aroma anameza mizinda ya Aetrusika umodziumodzi, kuyambira ndi Veii mu 396 BC. Kenako anagonjetsa Agiriki enieniwo, ndipo atalanda Syracuse cha m'ma 212 BC ndi Corinth mu 146 BC anatuta zifaniziro ndi zojambula n'kupita nazo ku Roma. Kudziwa nthano za Agiriki kunakhala chizindikiro cha munthu wophunzira. Pliny Wamkulu, amene anafa pa kuphulika komwe kuja kwa Vesuvius, analemba kuti Julius Caesar anagula zojambula ziwiri za Timomachus, china cha Ajax china cha Medea, pa matalente 80, n'kuziika m'kachisi wa Venus. Analembanso za zithunzi zakale za Atalanta ndi Helen pakhoma la kachisi ku Lanuvium, zimene mfumu Caligula anafuna kuzichotsa koma pulasitala inakana.

Munthu wa ku Pompeii sakanatha kugula za Timomachus, koma akanatha kuitana mmisiri kuti amujambulire zofanana nazo pakhoma. Njira yake imatchedwa fresiko: utoto umapakidwa pa pulasitala ya laimu isanaume, ndipo ikamauma utotowo umalowerera n'kukhala mbali ya khomalo. N'chifukwa chake mitundu yake ikadali yowala patapita zaka pafupifupi 2,000. Wopaka khoma lonse anali wina, wojambula anthu pakati anali wina. Pa mndandanda wa malipiro umene mfumu Diocletian anakhazikitsa mu 301 AD, woyambayo ankalandira madinari 75 patsiku, wachiwiriyo 150.

Taonani tsono mmene ankasankhira kamphindi kawo. Chithunzi cha Medea chochokera m'nyumba yotchedwa House of the Dioscuri, chimene chili ku Naples, chilibe magazi ngakhale dontho. Medea waima chilili, dzanja lili pa chigumbu cha lupanga, maso akuyang'ana cham'mbali. Ana ake awiri akusewera ndi timafupa, osadziwa kanthu. Kumbuyo kwawo kuli nkhalamba yowalera. Woona chithunzi amadziwa zimene zikubwera, anawo sadziwa, ndipo mayiyo sanatsimikize mtima. Kupweteka konse kwa chithunzicho kuli pamenepo.

Cha Iphigenia chochokera ku House of the Tragic Poet chimachita chimodzimodzi. Amuna awiri amunyamula mtsikanayo, manja ake ali m'mwamba. Wansembe Calchas waima ndi mpeni, chala chili pakamwa ngati wokayika. Kumwamba Artemis waonekera, ndipo mbawala ikubwera. Koma diso limathera kumanzere, kumene bambo ake, Agamemnon, afulatira atadzifunditsa nsalu kumutu. Pliny anasimba kuti wojambula wa Chigiriki Timanthes, atamaliza kuonetsa chisoni pankhope za onse, anaphimba nkhope ya bamboyo chifukwa chisoni chake sichikanatheka kuchijambula. Mmisiri wa ku Pompeii anasunga nzeru imeneyo.

Eni nyumba ankasanjanso zithunzi kuti ziziyankhulana. M'kachipinda kena ka House of Jason muli Medea, Phaedra ndi Helen, khoma lililonse mkazi wake, onse atatu ali pafupi kuchita chinthu chimene chiphwasule banja. M'chipinda chakuda chija, Helen ndiye chiyambi cha nkhondo ya ku Troy, pamene Cassandra ndi amene anaiona ikubwera koma Apollo anamutemberera kuti asakhulupiriridwe, chifukwa anamukana. Alendo atatsamira pa mipando yawo, nyale zikuphethira, ankapeza pamenepo nkhani yocheza: wolakwa ndani, Helen kapena milungu? Wolemba ndakatulo Ovid anachita zofanana m'mawu, polemba makalata ngati kuti akuchokera kwa Penelope, Ariadne, Medea ndi anzawo kupita kwa amuna awo. Kodi zithunzizi zinali chenjezo kwa akazi a m'nyumbamo, chosangalatsa maso a amuna, kapena chifundo kwa akazi ovutika? Akatswiri apereka mayankho onse atatu, ndipo n'kutheka kuti patebulo limodzi pankakhala anthu oona mosiyana.

Pamene nkhope ya malemu inalowa m'nthano

M'zaka za m'ma 100 AD, makamaka kuyambira nthawi ya mfumu Hadrian, Aroma olemera anayamba kusiya kuwotcha mitembo n'kumaika m'mabokosi amwala wa nsangalabwi otchedwa sarcophagus, mawu a Chigiriki otanthauza "chodya mnofu". Atsala masauzande ambiri. Apa Aroma anachita chinthu chatsopano: anayamba kusema nkhope ya malemu pa thupi la munthu wa m'nthano.

Chitsanzo chomveka bwino chili ku Vatican, ndipo chinachokera ku Ostia, doko la Roma. Chinapangidwa pakati pa 161 ndi 170 AD ndi Gaius Junius Euhodus, mkulu wa bungwe la amisiri omanga, kuti chikhale chake ndi cha mkazi wake Metilia Acte, wansembe wa mulungu wamkazi Magna Mater. Pakati pali Alcestis atagona pa bedi la imfa, ana akulira pambali, koma nkhope yake ndi ya Metilia, ndi kapesedwe ka tsitsi ka m'nthawi yake. Admetus wobwera kudzamugwira dzanja ali ndi nkhope ya Euhodus. Chakumanja Hercules, dzina la Chiroma la Heracles uja, akumubweza mkaziyo kuchokera kwa akufa. Zili ngati mawu amene timalemba pa chiliza, kungoti apa mwamuna sananene kuti mkazi wake anali wokhulupirika, koma anati anali Alcestis. Ku Cagliari, pa chilumba cha Sardinia, manda a Atilia Pomptilla ali ndi ndakatulo zomutamanda kuti anapempha milungu kuti afe iye m'malo mwa mwamuna wake wodwala.

Ariadne wogona ankakondedwanso, chifukwa tulo take timafanana ndi imfa, ndipo womudzutsa ndi mulungu Dionysus amene akubwera kudzamukwatira. Pa mabokosi ena nkhope yake inasiyidwa yosasema, mwala wabulungira chabe, kudikira wogula kuti anene nkhope yoti iikidwepo, ndipo bokosi linalowa m'manda lisanamalizidwe.

Ena ndi ovuta kuwamvetsa. Pali mabokosi a m'zaka za m'ma 200 AD oonetsa Achilles atanyamula Penthesilea, mfumukazi ya Aamazoni, akufa, awiriwo atavala nkhope za mwamuna ndi mkazi wake. Koma m'nthano, Achilles ndi amene anamubaya, n'kumukonda atamuona nkhope ali pafupi kutsirizika. Palinso a Medea, monga lina la cha m'ma 190 AD limene lili ku Basel. Ndani angaike m'bale wake m'bokosi la mayi wopha ana? Akatswiri ena amati tiyang'ane pakati pa bokosilo: pamenepo si Medea amene ali, koma Creusa, mwana wa mfumu uja amene Jason anakwatira, mkwatibwi wamng'ono amene akudumpha pabedi chovala chapoizoni chochokera kwa Medea chikumuwotcha, bambo ake atagwira kumutu. Imfa yadzidzidzi ya mtsikana ndi kulira kwa kholo, ndizo zimene anamfedwa ankaona. Ena amaloza kumapeto, kumene Medea akuuluka pa galeta lokokedwa ndi njoka, n'kunena kuti zikuimira kuthawa imfa. Mbali zonse zikugwirizana pa chimodzi, kuti Mroma sankayenera kuvomereza nthano yonse kuti atengepo kachigawo kamene kakumukhudza.

Andromeda, mwana wa mfumu ya ku Aethiopia

Pali mkazi mmodzi amene nkhani yake imatikhudza ife a ku Africa mwapadera. Andromeda, amene anamangidwa pathanthwe kuti adyedwe ndi chilombo cha m'nyanja mpaka Perseus anamupulumutsa, anali mwana wa Cepheus, mfumu ya ku Aethiopia. Kwa Agiriki dzinali silinkatanthauza dziko la Ethiopia la lero ndendende, koma maiko akutali a anthu akuda khungu, makamaka kummwera kwa Egypt. Ovid analemba pena kuti Andromeda anali woderapo monga anthu akwawo, ngakhale penanso anamuyerekeza ndi chifaniziro cha nsangalabwi.

Koma pa makoma a Pompeii, ndi pa chithunzi cha ku Boscotrecase chimene chili ku New York, Andromeda ndi woyera. Chifukwa china n'chakuti ojambula akale anali ndi chizolowezi chopaka akazi utoto wowala ndi amuna wakuderako, posonyeza amene amakhala m'nyumba ndi amene amakhala padzuwa. China n'chakuti si onse ankaika nthanoyi ku Africa. Ambiri ankati inachitikira ku Joppa, doko lija timaliwerenga m'nkhani ya Yona, ndipo mu 58 BC Marcus Scaurus anabweretsa ku Roma mafupa aakulu kuchokera kumeneko n'kuwaonetsa ngati a chilombocho. Ojambula a ku Ulaya a zaka zotsatira anatengera Andromeda woyerayo, ndipo ndi amene dziko linamuzolowera.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika

Zithunzizi zasunga zinthu zimene zikanatayika. Zojambula za Timanthes ndi Timomachus zinawonongeka kalekale, ndipo timaziganizira kudzera m'makoma a Pompeii. Nthano zina za Aetrusika sizipezeka m'buku lililonse, zili pa makalilole pokha. Zimathandizanso kuti tisanamizidwe ndi zimene taona. Chifaniziro cha mkazi wogona chimene Papa Julius II anapeza mu 1512 chinatchedwa Cleopatra kwa zaka zoposa 200 chifukwa cha chibangili chonga njoka pamkono pake, mpaka akatswiri anazindikira kuti ndi Ariadne.

Zimationetsanso mbali yowawa. Nthanozi sizinkathera pakhoma. Wolemba ndakatulo Martial, pofotokoza masewero otsegulira bwalo la Colosseum mu 80 AD, anatchula kuti nkhani ya Pasiphae, mfumukazi ya ku Crete imene m'nthano inagonana ndi nkhunzi, inachitidwa pamaso pa anthu. Kalata ya Clement wa ku Roma, yolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 90 AD, imanena za akazi achikhristu amene anazunzidwa ngati "ma Danaid ndi ma Dirce". Ma Danaid ndi ana aakazi a mfumu Danaus ya m'nthano, pamene Dirce ndi mkazi amene m'nthano anamangiriridwa ku ng'ombe yolusa, chithunzi chimene chilinso pakhoma la House of the Vettii ku Pompeii. Akatswiri ambiri amamva mawuwo kuti akazi enieni anavekedwa ngati anthu a m'nthano n'kuphedwa m'bwalo.

Komabe Chikhristu chitafala, akazi a m'nthanowa sanachoke nthawi yomweyo. Mu 1955, anthu akumanga nyumba ku Roma pafupi ndi msewu wakale wa Via Latina anatulukira manda apansi a m'zaka za m'ma 300 AD. Zipinda zambiri zili ndi nkhani za m'Baibulo: Aisiraeli akuwoloka Nyanja Yofiira, Samisoni, Danieli, Lazaro akuukitsidwa. Koma chipinda chimodzi chili ndi Alcestis. Zikuoneka kuti anthu apachibale, ena Akhristu ena a chipembedzo cha makolo, anaikidwa moyandikana, aliyense ndi zithunzi za chiyembekezo chake. Papita zaka pafupifupi 700 chijambulire mphika wa ku Vulci uja, ndipo Charun ndi nyundo yake kulibenso. Hercules wagwira galu wa kumanda, Cerberus, ndipo akutsogolera Alcestis, atafunda nsalu kumutu, kupita kwa Admetus amene wakhala pampando kumudikira.